A Zuze ndi Tizilombo Tawo ta M'thanki

A Zuze tinawaika m'manda mwezi watha, ndipo kuchokera tsiku limenelo anthu atatu andifunsa kale kuti kodi malemuwa ankagwira ntchito yanji kwenikweni. Mmodzi mwa atatuwo ndi abusa amene analalikira pamaliro. Iwo paguwa anangoti, "Anali munthu wa zamadzi," anthu n'kuvomera kuti ameni, aliyense akuganiza za mjigo. Ndiye ndati ndilembe, poti ine ndi amene ndinkawotcherera mapaipi awo kwa zaka zambiri, komanso sindinanamepo chibadwire. Wotsutsa akafunse mkazi wanga, koma asakamufunse pagulu.

A Zuze ankaweta tizilombo. Osati nkhumba, osati nkhunda. Tizilombo tosaoneka ndi maso, tokhala m'madzi ochokera m'zimbudzi ndi m'mabafa a resitihausi ina ya pafupi ndi malire, kumene madalaivala a mathiraki opita ku Mozambique amagona podikira mapepala awo. Dalaivala wodikira mapepala amadya, amasamba, n'kudyanso. Zotsatira zake mukuzidziwa. Dzenje lakale linkasefukira chaka chilichonse, zonsezo n'kutsetserekera mu kamtsinje kopita ku mudzi wa kumunsi, mudzi womwe a Zuzewo anakwatirako.

Mwini resitihausiyo atatopa ndi madandaulo anaitanitsa makina ochokera ku Joni, pamodzi ndi injiniya wodzawaika. Nthawi imeneyo a Zuze anali wosesa pabwalo ndi kuthirira maluwa. Anawauza kuti azimugwirira injiniyayo sipanala. Iwo anagwira sipanala, n'kumugwiranso mwini wake ndi mafunso. Ichi n'chiyani? Chikadwala chimaoneka bwanji? Nanga chimadya chiyani Lamulungu? Injiniyayo anabwera wonenepa, koma pochoka, patatha milungu iwiri, lamba wake ndinachita kumuboolera bowo latsopano ineyo. Ndikanama, njinga yanga iphulike matayala onse awiri.

Mmene ankafotokozera ntchito yawo munali motere. Ankati mu mkodzo muli feteleza, ndipo chimene chimakulasa m'mphuno ukalowa m'chimbudzi cha pamsika ndi chomwecho, dzina lake amoniya. M'munda chimabereketsa chimanga, koma m'dziwe chimapha nsomba. Kuchisefa sikutheka, poti chimasungunuka ngati mchere. Pafunika wina woti achidye.

Panali mathanki atatu. Loyamba linkabwata tsiku lonse ngati thobwa pamoto, chifukwa makina ankapoperamo mpweya. Mmenemo munkakhala amene a Zuze ankawatcha anthu aphokoso. Awa amakonda mpweya, ndipo amagwira amoniya uja n'kumusandutsa mchere wina wosanunkha. Koma mchere umenewo ukafika kumtsinje umameretsa ndere mpaka madzi kubiriwira, choncho madzi ankapita m'thanki lachiwiri, la anthu achete. Mmenemo simunkalowa mpweya ngakhale pang'ono. A Zuze ankati anthu achetewa akabanika amatenga mchere uja n'kumapumira momwemo, n'kuuphwanya, feteleza yense n'kutuluka ngati timathovu kubwerera kumwamba. Ine ndinawafunsa kuti ndiye kuti mpweya umene timapuma ku Mwanza kuno unadutsako m'chimbudzi cha madalaivala? Iwo anati inde, pang'ono, ndipo ndi chifukwa chake anthu a kuno timakonda kuyendayenda.

Anthu achetewa sagwira ntchito ndi njala. Amafuna chotsekemera. Injiniya uja anasiya chigubu cha mankhwala ake, chimene chinatha pa miyezi itatu. Kuyambira pamenepo a Zuze ankapita kumsika wa pa Boma kukatola manachesi owola, kuwafinya m'chiguduli, n'kumadontheza madziwo m'thanki. Nyengo ya manachesi ikatha ankafinya mango. Amayi a pamsika ankaganiza kuti mkuluyu amatcheza kachasu, ndipo ena ankawasungira malo pamzere wa ogula.

Thanki lachitatu linali la zosefera: mitolo ya timapaipi towonda ngati udzu wa tsache, tokhala ndi timabowo toti ngakhale nsabwe singatione. Pampu inkayamwa madzi kudzera m'timabowomo, matope ndi tizilombo n'kutsalira kunja. Madzi ake ankatuluka oyera moti mlendo wina anapempha kapu. Vuto la zosefera n'lakuti zimamata zinthu zoterera ngati therere, timabowo n'kutsekeka. Panali kawotchi kosonyeza mmene pampu ikuvutikira kukoka, ndipo a Zuze ankayang'ana muvi wa kawotchiko kuposa mmene ankayang'anira nkhope za ana awo. Lamulo lawo linali lakuti pampu ikakoka mphindi zisanu ndi zinayi, ipume imodzi, kuti thovu la mpweya lochokera pansi ligwedeze udzuwo, therere n'kuyoyoka. Mwini resitihausi atadandaula kuti kupumako n'kutaya nthawi, iwo anamufunsa ngati anaonapo munthu akumeza nsima osatulutsa dzanja m'kamwa. Kawiri pachaka ankazula mitoloyo n'kuiviika m'madzi a mandimu, mwina a kolorini wochepa, koma kutali ndi thanki, ndipo ankaitsukuluza kasanu asanaibweze.

M'mawa uliwonse ankatunga matope a m'thanki loyamba m'botolo la jamu, kuliika pakhoma, n'kukhala pansi theka la ola kuonerera matopewo akudikha. Ankati akakhala a mtundu wa koko, n'kudikha msanga, madzi a pamwamba n'kuyera, ndiye kuti anthu awo agona bwino. Tsiku lina ndinakhala nawo kuti ndione chimene chinkawasangalatsa. Patatha mphindi khumi anandigwira bondo, maso ali pabotolo, n'kunong'ona kuti, "Taona, mphwanga, akugwirana manja." Ine ndinangoona matope. Koma ndinavomera, chifukwa bondo linkapweteka.

Adani awo anali awiri, ndipo woyamba anali mayi Nabanda, wophika. Mayiwa ankataya mafuta okazingira tchipisi m'sinki, pomwe mafuta ndi amene amamata zosefera koposa china chilichonse. Mkangano wawo unkachitika Lolemba lililonse, nthawi ya teni koloko, moti madalaivala ena ankaimika thiraki tsiku lina lowonjezera kuti aumve.

"Inu abwana a kuchimbudzi, mafutawa ndi anu?"

"Ali m'chiwaya ndi anu, mayi. Akatsika paipi ndi alendo anga."

"Ndiye alandireni, apatseni mpando."

"Mpando ndilibe. Ndibwera nawo kuno adzakhale pa wanuwo."

Ndipo tsiku lina anabweradi nawo, ndowa yodzaza, n'kuiika pampando wa mayi Nabanda. Kuyambira pamenepo mafuta ankathiridwa m'chitini. Pamaliro, amene analira mokweza kuposa onse anali mayi omwewa.

Mdani wachiwiri anali kuzima kwa magetsi. Anthu aphokoso akasowa mpweya maola angapo amayamba kufa. Magetsi akazima a Zuze ankathamangira ku jenereta, ndipo ngati pa kanema panali mpira, ankazula chingwe cha kanemayo n'kulumikiza makina awo. Madalaivala khumi ndi awiri anawazungulirapo tsiku lina, mpira utatsala mphindi zisanu. A Zuze anawauza modekha kuti amene akufuna kuona chigoli asayandikire chimbudzi mawa lonse. Anthu anabalalika mmodzimmodzi.

Tsopano kuti mumvetse chimene chinawaonekera chaka cha kolera chija, ndibwerere m'mbuyo. A Zuze sanali wa kuno. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ali mnyamata wamtali wopanda kanthu, n'kukwatira Naphiri wa m'mudzi wina wa kwa Nthache. Nkhondo itatha, matipate atangoyamba kuno, anzawo anakwera malole kubwerera kwawo. Iwo anapita kukaona, n'kupeza pamene panali mudzi wawo pali tchire ndi mtengo wa malambe. Anabwerera kudzakhala mkamwini, ndipo mkamwini wopanda kwawo amayenda ngati wanyamula mazira. Mwini mbumba anali a Filipo, mlongo wake wa Naphiri, munthu amene ankaseka kamodzi pachaka, pokolola nsomba. Anali ndi dziwe la makumba limene linkamwa madzi a kamtsinje kaja.

Makina aja ataikidwa, paipi yotulutsa madzi osefedwa inayenera kuthira mu kamtsinjeko. Mudzi unakana. Ndi a Zuze amene anaimirira pamaso pa akuchikazi awo n'kulonjeza kuti madziwo sadzapha kanthu. A Filipo anawayang'ana kuyambira kumapazi.

"Alamu, tamva. Koma tsiku limene nsomba yanga imodzi idzaonetse mimba kumwamba, mudzapinde mphasa yanu. Kumene mukaiyale mukudziwa ndinu."

Onse ankadziwa kuti kulibe kumene akanakaiyala. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa, nsomba zili gwa.

Ndiye kunabwera manijala watsopano, wa nsapato zoti ukhoza kumetera ndevu. Inali nthawi ya dzinja, mphekesera za kolera zili ponseponse, ndipo anamva kuti a zaumoyo abwera kudzayendera. A Zuze anali atapita tsidya lija, ku Zobue, kumaliro a mnzawo wa nthawi ya nkhondo. Manijalayo anagula ndowa za kolorini, n'kuthira m'zimbudzi, m'mabafa, m'ngalande. Kenako anazungulira kuseri, n'kuona mathanki odzaza matope a bulauni. Anagwira pamtima. Uve wonsewu alendo akubwera? Anakhuthulira ndowa ziwiri momwemo, n'kupita kukasamba m'manja ali wokhutira. Anachita ndi mtima wabwino, ndipo n'chimene chimawawa kwambiri.

A Zuze anabwera m'mawa wa tsiku lachitatu. Ine ndinalipo, ndikukonza geti. Ali kumsewu anaima, n'kukweza mphuno. Kuseri kunkanunkha ngati khonde la chipatala losakaniza ndi khola la mbuzi. Thanki loyamba linali litatulutsa thovu loyera lofika m'chiuno, ndipo tambala wa mayi Nabanda amene analowamo anatuluka ali mbali ina ya mpanda, atayera ngati mkwatibwi. Izi ndinaona ndi maso anga awa. Muvi wa kawotchi unali utagona kumapeto. A Zuze anathamanga kukatseka paipi yopita kumtsinje, n'kubwerera kudzatunga matope m'botolo lija. Sanadikhe. Anavula chipewa.

Manijala anafika akumwetulira. "Mwaona, madala? Ndakuthandizani ntchito."

"Patarau, mwapha," anatero a Zuze, kutchula bwana mwa Chipwitikizi.

"Ndapha majeremusi."

"Majeremusiwo ndi amene amagwira ntchito pano. Enafe timangovala yunifolomu."

Sanadikire yankho. Anatsetsereka kutsata kamtsinje, ine pambuyo. Padziwe tinapeza a Filipo ataima m'madzi ofika m'mawondo, akutola nsomba n'kumaziponya m'beseni. Sanatukwane. Anangoti, "Alamu, masana ano pakhomo panu."

Apa ndinene za mgolo. Kuseri kwa khitchini yawo a Zuze ankasunga mgolo wa matope a m'thanki loyamba. Loweruka lililonse ankabweretsa atsopano n'kubweza akale, ndipo m'mawa ndi madzulo ankaupopera mpweya ndi pampu ya njinga. Ankati mlimi wanzeru sasunga mbewu yonse m'nkhokwe imodzi. Chimene ankaudyetsa mgolowo sindichitchula, koma chinkachokera mwa iwo omwe. Naphiri anadana nawo mgolowo zaka zonsezo. Ankati akazi anzake amuna awo amabwera ndi shuga, wake amabwera ndi zimene anthu ena asiya. Kawiri konse anawaopseza kuti asankhe, iye kapena mgolo, ndipo akuti a Zuze anapempha tsiku limodzi loti aganize.

Masana amenewo abale anasonkhana pabwalo, beseni la nsomba lili pakati. A Filipo analankhula mwachidule. Mawu anapangana, nsomba ndi izi, mphasa ipindidwe. A Zuze anapempha milungu itatu. Anati paipi atseka, ndipo sadzaitsekula mpaka madzi atachira.

"Achira ndi chiyani, poti mwati tizilombo tanu tafa?"

"Mbewu ilipo, alamu. Ili kuseriku."

"Uve umene uja? Ndiwo tiyambe kutaya."

A Filipo ananyamuka kulunjika kumgolo. Atafika anapeza Naphiri atakhala kale pachivundikiro, manja atapinda.

"Achemwali, tsikani."

"Sinditsika."

"Si inu munkabwera kwathu kudzadandaula za chinthu chimenechi?"

"Ndinkadandaula, ndipo mawa ndidandaulanso. Koma masiku atatu amene bambowa kunalibe, amene amapopa mgolowu ndine, msana uwu. Ndiye muutaye ndisanaone ntchito yake? Mukafuna kugubuduza, gubuduzani ndi ine ndemwe."

A Filipo anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mgolo, n'kuyerekeza kulemera kwa zonse ziwiri. "Milungu itatu," anatero. "Tsiku limodzi losawonjezera."

M'mawa mwake Naphiri anasenza ndowa yoyamba ya matope pamutu kukwera mtunda, nkhope atayang'anitsa kumbali ngati wasenza mdani. A Zuze anapopera madzi onse akufa m'dzenje lakale lija, anatsuka mathanki, anazula zosefera n'kuzisambitsa mtolo umodziumodzi ndi manja, pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Manijala, amene tsopano ankayenda chogwira chipewa, anatseka theka la zipinda, madalaivala n'kumasamba ndi ndowa kuseri kwa mpanda. Mbewu ija anaithira m'thanki, n'kumalowetsa madzi a m'zimbudzi pang'ono pokha. Ndinawafunsa kuti bwanji osatsekula onse kuti tizilomboto tidye tinenepe msanga. Anati anthu aphokoso amaswana mochedwa ngati njovu, ndipo ukawapatsa chakudya choposa msinkhu wawo, chomwecho chimawapha. "Poko-poko," anatero, m'chinenero cha kwawo, kutanthauza pang'onopang'ono.

Anali ndi kabotolo ka mankhwala oyezera. Ukadontheza m'madzi, akabiriwira ndiye kuti amoniya alimo, akachita chikasu ndiye kuti watha. Mlungu woyamba madzi anabiriwira ngati masamba a mpiru. Mlungu wachiwiri chimodzimodzi. A Filipo ankadutsa pakhomo m'mawa uliwonse n'kufunsa mwaulemu ngati alamu awo akufuna chingwe chomangira katundu. A Zuze anasiya kudya. Naphiri akuti anawapeza tsiku lina atatsitsa kasutikesi kamene anabwera nako nthawi ya nkhondo, akukapukuta fumbi. Anawalanda n'kuikamo anyezi.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri kubiriwira kunayamba kufooka. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi ndinawapeza atagwada pambali pa thanki la anthu achete, akuloza ndi chala. Pamwamba pa madzi pankaphulika timathovu ting'onoting'ono, apa, apo, ngati mvula ikugwa chochokera pansi. Anadontheza mankhwala aja. Chikasu ngati dzira.

Komabe paipi sanatsekule. Anadziwa kuti a Filipo sangakhulupirire kabotolo. Anatunga madziwo m'beseni, anapempha tiana ta makumba titatu kwa mlimi wina wa kutsidya, n'kukaika beseni pakhonde la a Filipo. Mkuluyo anatulutsa mpando. Anakhala pamenepo masiku awiri kudikira kuti kamodzi katembenuke, ndipo Lamulungu sanapite kutchalitchi. Ankachita kugogoda beseni kuti aone ngati tinsombato tikunamizira moyo. Ine ndinamva kuti kamodzi kanawalavulira madzi m'maso, ndipo amene anandiuza ndi munthu wa kwaya.

Tsiku lomaliza la milungu itatu ija a Zuze anapita kukaima pabwalopo. A Filipo sanakweze maso.

"Nsombazi n'zouma mutu ngati mwini wake."

Kenako a Filipowo anawonjezera:

"Khasu lanu lili kuti, alamu? Khoma la dziwe lagumuka mbali ya kumunsi. Kapena mukufuna ndikonze ndekha?"

Kupepesa kwa a Filipo kunathera pamenepo, ndipo za mphasa sizinatchulidwenso. Awiriwa anakhala zaka zina zambiri akukangana za mbuzi, za malire a dimba, za amene ayambe kupereka moni.

A Zuze anadwala milungu iwiri yokha. Tsiku la maliro kunabwera galimoto kuchokera tsidya lija, muli mwana wa mchemwali wawo amene anawapeza ukulu ndi ukulu, pamodzi ndi amuna ena atatu. Anapempha mwaulemu kuti, monga mwa mwambo, mkamwini akagone kwawo. Anthu anayang'ana a Filipo, amene tsopano amayenda ndi ndodo ndipo amamva khutu limodzi. Anawabwerezera pempholo mokweza. Iwo anaimirira pang'onopang'ono.

"Munthu ameneyu ine ndinamuthamangitsa ndekha, ndili ndi mphamvu zanga, ndipo ndinalephera. Inu mwabwera ndi kagalimotoka mukuti mumutenga? Khalani pansi, ana inu. Manda takumba kale, pafupi ndi mayi anga."

Loweruka lapitali anandiitana kuresitihausi kuja kuti ndikawotcherere makwerero a thanki lachitatu. Makina akulira monga kale, ndipo madzi akutuluka oyera, poti mayi amene watenga ntchitoyo amaidziwa bwino. Koma iye amawerenga zonse ali chiimire n'kubwerera mu ofesi, choncho kuseriko kumakhala kopanda munthu. Udzu wayamba kulowa m'ming'alu ya simenti. Pamsomali wa pachitseko papachikika waya wopindika ngati mapewa, wopanda jekete. Pamwamba pa khoma la thankilo pali timaenje tiwiri tosalala pamene a Zuze ankatsamira zigongono, ndipo mvula ikagwa mpheta zimamwa pamenepo. Ena akuti anaumba molakwika ndi amisiri. Ine ndikuti ndi zigongono.

Ndinakwera makwerero kuti ndiyese ngati agwira. Pamwamba pake umaona kamtsinje konse mpaka kumunsi, dziwe likunyezimira, ndi mitengo ya kumanda a mudziwo. Pakati pa mitengoyo pali mulu umodzi wa dothi lofiira umene sunamere udzu, ndipo suli m'mphepete mmene amaika alendo.